Mutu 6: Manja a Idalia

1. Chikwama cha pansi pa bedi

Kwathu kuno ku Piedra Blanca, mwezi wa Ogasiti ukangolowa, munthu usayembekezere kupuma masana. Sukulu iliyonse imatulutsa ng'oma zake kukonzekera perete wa tsiku la ufulu wa dziko lathu la Honduras, pakati pa mwezi wa Seputembala. Ana amaimba mpaka agalu kusamuka m'makonde. Ife akuluakulu timadandaula, koma tsikulo likafika timakhala oyamba kulimbirana malo m'mbali mwa msewu.

Chaka chimenecho aphunzitsi a Otoniel, oyang'anira bandi ya sukulu, anasankha Idalia kuti atsogolere oimba ng'oma zing'onozing'ono. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wochepa thupi, koma manja ake ankathamanga kuposa a anyamata onse. Ine ndimakhala khomo loyang'anizana ndi kwawo, ndipo ndinamuona akukula. Mwanayo sankadutsa chinthu osachigogoda: tebulo, chidebe, ngakhale mutu wa mlongo wake Wilmer.

Pakhomopo ankakhala anthu anayi. Bambo awo, a Rigoberto, ankasoka nsapato pakhonde, ndodo zawo zoyendera zitatsamira khoma, chifukwa mwendo wawo wakumanzere unathera pabondo. Mayi a anawo anamwalira Idalia ali wamng'ono, choncho azakhali awo a Ondina ndiwo ankasamala nyumba. Wilmer anali wamkulu kwa Idalia ndi zaka zitatu. Sukulu anali ataisiya, ankangogwira maganyu m'minda ya khofi.

Tsiku lina Idalia akusesa pansi pa bedi la Wilmer anapeza chikwama chatsopano, muli nsapato zolimba, juzi ndi botolo la madzi. Kuno chikwama chotere sichifuna womasulira. Mwana aliyense amadziwa kuti mwini wake akupita kumpoto, ku Amereka, ndi anthu owolotsa anzawo malire mobisa aja, amene timawatchula kuti ankhandwe.

Wilmer sanakane. Anati nkhandwe wake ndi bambo wina wa galimoto yoyera ya pikiapu, ndipo adzanyamuka m'mawa wa tsiku la perete, tauni yonse ili kumsewu. Kenako anagwira dzanja la mlongo wakeyo n'kupingasa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti zikhale mtanda, monga timachitira polumbira.

"Psompsona," anatero. "Lumbira pa dzina la amayi kuti suuza munthu."

Idalia anapsompsona mtandawo. Kwa ife lumbiro lotere si lamasewera. Timakula tikuuzidwa kuti woliphwanya dzanja lake limauma.

2. Diso loipa

Posakhalitsa Idalia anayamba kudzikanda. Kuyabwa kunayambira pakati pa zala, n'kukwera m'mikono mpaka mopindira zigongono. Ali khanda ankavutikako ndi khungu louma, koma zimenezo aliyense anali ataziiwala. Tsopano zinabwerera ndi ukali. Khungu linafiira, linakhakhala, pena n'kung'ambika.

Tsiku lina pa chakudya chamasana a Rigoberto anauza Wilmer kuti perete akadutsa akonze limodzi denga la khitchini, mvula isanachuluke. Wilmer anavomera mosavuta, akukombera nyemba ndi tortiya yake, kachikondamoyo kopyapyala ka ufa wa chimanga. Idalia anatsegula pakamwa kuti ayankhule. Mlongo wakeyo anamuyang'ana, n'kupsompsona chala ngati akunyambita msuzi. Nthawi yomweyo manja a Idalia anayaka ngati wagwira chitedze.

Zinachitika choncho kangapo. Akangoganiza zoulula, mtima unkagunda, m'manja thukuta, kenako kuyabwa. Idalia anatsimikiza kuti lumbiro likumuchenjeza, dzanja layamba kale kuuma. Anatseka pakamwa ndithu, zidzolo nazo n'kumawonjezeka. Chakudya ankangochitosa, ndipo m'kalasi ankawodzera.

Azakhali a Ondina anali ndi yankho lawo. Mayi ameneyu ndi wabwino mtima, koma palibe matenda amene sawadziwa chiyambi chake, ndipo chiyambicho nthawi zonse chimakhala munthu wa nyumba yoyandikana nayo.

"Limeneli ndi diso loipa," anatero akutembenuza manja a mwanayo. "Ndinanena ine tsiku limene anakusankha lija. Ukuganiza kuti amayi a anyamata aja akusangalala kuti kamtsikana kawalanda malo? Amakumwetulira kutchalitchi, koma maso awo ali pa manja akowa. Mwana wa mchimwene wanga, dziko lino ukamachita bwino usamayende modzionetsera. Usalandire chakudya kwa munthu aliyense. Usalole wina kukugwirira timitengo tako ta ng'oma. Ndipo za chipatala usaziyambe n'komwe, akangokupatsa timapiritsi n'kukuuza kuti ubwerenso Lachinayi. Izi ndi zanga, ndithana nazo ndekha."

Anamusisita thupi lonse ndi dzira laliwisi, n'kuliswera m'tambula ya madzi. Anamusambitsa madzi a masamba a chitsamba cha fungo lamphamvu chimene timati ruda. Zimenezo zitakanika anadula mandimu n'kumufinyira m'manja ndi m'mikono, akuti kuwawako ndiye kuchira kumene. Anamuletsa kusamba m'manja, n'kumutumiza kubandi dzuwa lili paliwombo.

3. Pamphambano

Bwalo la sukulu yathu lilibe mtengo ngakhale umodzi. Idalia anaguba pamenepo masana onse, mikono ili padzuwa. M'mawa mwake khungu linatupa, kenako linatuluka matuza aakulu m'mizere momwe madzi a mandimu anayenderera.

Anapitabe kubandi. Anavala juzi ya manja aatali kutentha konseko, n'kudzilimbitsa. Koma pa nyimbo yachiwiri tuza lina linaphulika, kamtengo kanapulumuka m'dzanja n'kukagwera pamapazi a oimba malipenga. Ng'oma zonse zinasokonekera.

Mnyamata wina dzina lake Nahún, amene ankasilira malo a Idalia, anaona manjawo n'kudumphira kumbuyo.

"Aphunzitsi, buluzi uyu akufundula! Atipatsira!"

Ena anaseka, ena anasendera kutali. Suyapa, mnzake wapamtima wa Idalia, anamuuza Nahún pamaso pa onse kuti iyeyo ngakhale atapatsidwa manja anayi sangaimbe chomveka.

A Otoniel anakweza dzanja, phokoso linatha. Anayang'anitsitsa manja a Idalia, n'kumuuza kuti asakhudzenso ng'oma mpaka achipatala atamuona, ndipo akapanda kuchira msanga malo ake atenga Nahún. Sanayankhule mwaukali, koma mawuwo anamupweteka kuposa matuza.

Pobwerera, atsikana awiriwo anaima pamphambano. Njira ina inali yakwawo, kumene azakhali anali atagula kale mandimu ena. Ina inali yokwera kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika.

"Azakhali ako akakukalipira," anatero Suyapa.

"Akakalipe. Manjawa ndi anga."

Anakwera chitunda onse awiri, Suyapa atamunyamulira mabuku.

4. Zimene ananena a Nohemí

Namwino amene anawalandira anali a Nohemí, mayi wachikulire wa mawu okhuthala amene anabaya katemera theka la tauni ino. Atangoona mizere ya matuza anafunsa kuti wafinya mandimu ndani. Idalia anadabwa. A Nohemí anapukusa mutu, nati chaka chilichonse amalandira ana otere, chifukwa madzi a mandimu akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amawotcha ngati moto. Anatsuka zilondazo, anapaka mankhwala, n'kumanga mabandeji.

Kenako anaona mopindira zigongono muja, momwe mandimu sanafike. Anati izi si zopsa, zinalipo kale. Anafunsa za sopo watsopano, za chakudya chachilendo, za nyama zapakhomo. Palibe chinasintha. Atafunsa ngati akugona bwino ndi kudya bwino, Idalia anawerama. A Nohemí anapempha Suyapa kuti akadikire panja, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Tamvera, mwana wanga. Khungu lakoli ndi la mtundu wosachedwa kukwiya. Unabadwa nalo, ndipo silipatsirana, aliyense asakunamize. Matenda ake ndi enieni, si ongoganizira. Koma chimene chimawadzutsa nthawi zambiri chimakhala m'kati mwa munthu. Ukachita manyazi nkhope imatentha, si choncho? Ukachita mantha thupi limachita tsemwe. Ndiye ukuganiza kuti nkhawa ya tsiku ndi tsiku ingakhale mumtima khungu osadziwa? Ine ndaona ana akutuluka zidzolo mayeso akayandikira. Ndaona mayi tsitsi likuthothoka pamalo amodzi, mwamuna wake atasowa panjira ya kumpoto. Nkhawa imayabwitsa, iwe umakanda, khungu limang'ambika, tulo timathawa, ndipo munthu wosagona nkhawa yake imakula. Mafuta ndikupatsa, uzidzola m'mawa ndi madzulo, zikhadabozo uwenge. Dokotala akabwera adzakuonanso. Tulo tikamavutabe, tili ndi mlangizi wa za maganizo, ndipo kumuona si misala. Koma ndisakubisire. Ngati pali chinthu chimene wasenza wekha, mafuta adzatha m'botolo chinthucho chili pompo."

Idalia anafunsa ndi mawu otsika.

"Amayi, munthu akalumbira pa mtanda n'kuphwanya, dzanja limaumadi?"

"Iwe waphwanya?"

"Ayi."

"Ndiye taona manja a munthu amene sanaphwanye."

Idalia anayang'ana mabandeji ake. A Nohemí anawonjezera kuti za Mulungu akafunse ansembe, koma iwo akudziwa chinthu chimodzi: chinsinsi chimene chingaphetse munthu si katundu woti mwana asenze. Anati sakumukakamiza kuti awauze iwo, koma auze wamkulu amene amamukhulupirira, ndipo asachedwe.

Potuluka, Suyapa anafuna kudziwa zimene akambirana. Idalia anangoti amuuza mawa, lero ali ndi ntchito kunyumba. Ankayenda mofulumira moti mnzakeyo ankachita kumuthamangira.

5. Nsapato zolimba

Anafika dzuwa litapendeka, ndipo analowera kuseri osadutsa pakhonde pamene panali bambo ake. Anapeza Wilmer pa thanki yochapira, akusukusula. Anamuonetsa mabandeji n'kumufotokozera zonse zimene namwino wanena.

Wilmer anaseka. "Ndiye ine ndasanduka mphere zako?"

"Ukawauze wekha bambo. Ukapanda kutero, ndiwauza ine."

Kuseka kunatha. Wilmer anamukumbutsa kuti analumbira pa dzina la amayi. Idalia anayankha kuti amayiwo akanakhala moyo akanamumangirira iye Wilmer ku mwendo wa bedi ndi chingwe choyanikira zovala.

Pamenepo Wilmer anasintha mawu, n'kuyamba kuchonderera. Anati watopa kupalira khofi wa anthu ena. Anati akufuna kukagwira ntchito yeniyeni, agulire bambo mwendo wachitsulo asiye ndodo zija, ndipo iye Idalia aphunzire mpaka kukoleji. Sankanama. Mnyamata ameneyo amakonda abale ake, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandimvetsa chisoni. Idalia naye misozi inalengeza.

"Chabwino, ndiwauza," anatero Wilmer. "Koma undipatse mpaka mawa."

Anavomera msanga kwambiri. Wilmer savomera msanga ngakhale pomutuma mchere. Idalia anayang'ana pansi, n'kuona kuti mlongo wake wavala nsapato zolimba zija. Kuseri kwa nkhuni kunkaoneka lamba wa chikwama.

"Nsapatozo wavaliranji lero?"

Wilmer anayang'ana kumbali. Idalia anamvetsa zonse. Tsiku lonyamuka linali litasintha, ndipo mawa limene ankapemphalo kunalibe.

Pansi pa mabandeji manja anayamba kuyaka kuposa kale lonse. Idalia sanakande. Anawakweza patsogolo pake ngati wanyamula mbale yotentha, n'kudutsa m'nyumba kupita pakhonde.

6. Pageti

A Rigoberto anali akukhomera chidendene cha nsapato. Azakhali a Ondina anakhala pambali, mandimu ali pamiyendo, mpeni uli m'manja, ndipo ataona mabandeji anakoka mpweya kuti ayambe kukalipa. Idalia anawatsogolera kuyankhula.

"Bambo, Wilmer akupita kumpoto ndi nkhandwe. Anandilumbiritsa kuti ndisanene. Ndikuona ngati ndi lero."

Nyundo inaima m'mwamba. Idalia anapitiriza osapuma, ananena za chikwama, za galimoto yoyera, za mandimu ndi dzuwa, ndi zimene a Nohemí ananena za nkhawa ndi khungu. Azakhali anayang'ana mandimu awo, n'kuwakankhira pansi pa mpando mwakachetechete. 

Wilmer anatulukira pakhomo chikwama chili paphewa. Anayamba kunena za mwendo wachitsulo, koma bambo ake anamulozera benchi ya makasitomala.

"Khala pansi, Wilmer. Mukudziwa kuti mwendo uwu unatsala ku Mexico, pansi pa sitima. Lero mumve zotsalazo. Tinali padenga la sitima ya katundu, anthu ochuluka, titadzimangirira ndi malamba kuti tulo tisatigwetse. Nkhandwe wanga ankanditchula m'bale wake. Tinkadya m'mbale imodzi. Lamba ataduka ine n'kugwa, anandiyang'ana ali pamwamba pomwepo, sitima n'kumapita. Amene ananditola ndi amayi osawadziwa a m'mudzi wa m'mbali mwa njanji. Mwendo unapola, mwana wanga, chilonda cha mnofu sichichedwa. Koma mumandiona lole ikadutsa, manja akunjenjemera, nyundo ikugwa, thukuta lili kamukamu. Mumati bambo atopa. Azakhali anu amati ndi mitsempha. Si mitsempha. Ndi sitima ija, ikuyendabe m'mutu muno mpaka lero. Ine sindikukana kuti ntchito kuno kulibe. Ndimaona nsapato za anthu, ndikudziwa momwe tauni ino ikuyendera. Koma mwendo wachitsulo wogula ndi mwendo wako sindiufuna. Ngati ukufuna kuchoka, tikhale pansi ngati anthu, tifunefune njira yoti ukafike wamoyo. Osati kuzemba ngati mbala. Taona manja a mlongo wako. Ulendo sunauyambe, koma wavulaza kale munthu."

Wilmer anayang'ana mabandejiwo. Koma anali ndi manyazi, ndipo mnyamata wamanyazi amafuna woti amulume.

"Waphwanya lumbiro," anauza Idalia.

"Ndaphwanya." Idalia anakweza dzanja limene anapsompsona lija, n'kugwedeza nsonga za zala zimene zinatulukira m'bandeji. "Taona. Silinaume."

Kuyabwa kunalipobe, koma kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo mwanayo anapuma mpweya wofika pansi. Ine ndinali pakhomo panga ndikuona zonsezi, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Nthawi yomweyo hutala inalira pakona. Galimoto yoyera ya pikiapu inaima pansi pa mtengo wa mango, injini osazimitsa, kumbuyo kwake kutakhala anyamata awiri ndi zikwama zawo.

Wilmer anaimirira. A Rigoberto anatambasula dzanja kuti atenge ndodo zawo, koma dzanjalo linanjenjemera, ndodo zonse ziwiri n'kugwera patali. Azakhali anayamba kuitana oyera mtima mmodzimmodzi.

Idalia ndiye anathamanga. Anafika pageti Wilmer asanafike, anatembenuka, n'kugwira nsanamira zonse ziwiri, dzanja uku dzanja uku. Anagwira molimba moti madzi a matuza anayamba kunyowetsa mabandeji.

"Choka, Idalia."

"Sindichoka. Ngati ukupita, uchotse wekha manjawa."

Wilmer anatambasula dzanja lake kuti amukankhe. Litafika pamwamba pa bandeji yonyowayo linaima, osakhudza, osabwerera. Hutala inaliranso. Kenako chitseko cha galimoto chinatseguka, ndipo nkhandwe uja, bambo wa chipewa chachikulu, anatsika, anakonza lamba wa buluku lake, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kubwera pageti pamene panaima Idalia.